MAU ATHU NDI MAPIRI A KU THAMBANI

Ali yense wa ife okhala kuno ku Thambani adziwa malo ake pamene lamya ya m'manja igwira. Ena ali ndi chulu chao, ena ali ndi mtengo wa mango pamene akoleka lamya ngati nyama yoyanika, ndipo kwathu tiri ndi mwala waukulu kuseri kwa khola la mbuzi. Munthu akaima pa mwalapo alankhula ndi mbale wake wa ku Johannesburg monga ngati akhala pa mphasa imodzi, koma akangotsika pansi mau aduka. Masana timaseka nazo zimenezi. Koma usiku wina m'dzinja lapitali ine sindinaseke ai. Alamu anga anali oyembekezera, ndipo nthawi yao inakwana pakati pa usiku, mvula iri kugwa. Achimwene anakwera pa mwala uja, ine ndiri kuwaunikira ndi tochi, nayesa kuitana mwini galimoto kasanu konse, mau ali kungoduka-duka. Kachisanu ndi chimodzi anamvana. Mwana anabadwira ku chipatala ndipo ali bwino, komatu kuyambira usiku umenewo ndinafunitsitsa kudziwa chimene chitsekereza mau athu, ndi ngati pali njira yochilambalala. Zimene ndapeza m'mabuku ndi kwa aphunzitsi athu a sayansi ndizo zimene A Mkonzi andilola kukuuzani pano.

Poyamba tidziwe kuti mau sayenda okha m'mlengalenga. Lamya iwasandutsa mafunde osaoneka, abale ake a kuwala kwa dzuwa, amene athamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Mafundewa apita ku nsanja yachitsulo imene iri pafupi, ndipo nsanjayo iwapatsira inzake kufikira afika kwa mwini wake. Tsono popeza ali abale a kuwala, khalidwe lao ndi lomwelo: ayenda molunjika, ndipo akapeza phiri, kuseri kwake kukhala mthunzi. Mudzi wa m'chigwa ungathe kukhala pafupi ndi nsanja koma osamva kanthu, pamene munthu wa pa mtunda kutali zedi alankhula bwino-bwino. Chotisautsa kuno si kutalika ai, koma mapiri.

Nditawafotokozera izi agogo anga aamuna, iwo anakana. Anati, "Iwe mwana, usandinamize. Ife pa unyamata wathu tinkamva Lusaka pompano. Kodi mapiriwa kunalibe?" Ndipo agogo sananame. M'chaka cha 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa inaoneka ngati sefuliya. Anailimbikira ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anaipanga ndi a kampani ya Ever Ready, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja ndi m'zinenero zina, anthu a ku Nyasaland namamva, chikhalirecho kuchokera ku Lusaka kufika ku Mwanza pali makilomita oposa 600.

Chinsinsi chake chiri mu utali wa mafunde. Funde limodzi la wailesi ija linali lalitali mamita makumi angapo. Kumwamba kutali, makilomita 100 kufikira 300 ndi kupitirira, kuli mpweya umene dzuwa laudzaza mphamvu ya magetsi, ndipo mafunde otere akafika kumeneko abwezedwa pansi monga mpira wogunda denga. Mau a Lusaka sanadzere m'mapiri ai. Anagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Koma funde la lamya zathu ndi lalifupi, masentimita 33 kapena kucheperapo, ndipo liboola denga lija nkupita osabweranso. Ndiponso funde lalitali lidziwa kukhota pang'ono pozungulira chotchinga, pamene lalifupi lilephera. Mudziwa nonse kuti ng'oma imveka kuseri kwa phiri, koma likhweru silimveka.

Wina adzati, nanga alekeranji kupanga lamya za mafunde aatali? Chifukwa mafunde aatali ali ngati kanjira ka m'munda m'mene anthu ayenda mmodzi-mmodzi. Ayenera wailesi, pakuti wolankhula ndi mmodzi ndipo ena onse angomvera. Pa lamya ali yense afuna kanjira kake, ndipo malo okwanira anthu zikwi-zikwi apezeka m'mafunde aafupi okha. Chomwecho lamya zikamapita patsogolo mafunde ao afupikira-fupikira, kotero kuti ena a 5G ali sentimita imodzi yokha, ndipo awa atchingidwa ngakhale ndi khoma, masamba a mitengo kapena dzanja la mwini lamya.

Mankhwala akale a bvutoli ndiwo kumanga nsanja pa phiri liri lonse. Koma nsanja ifuna msewu wokwera, magetsi, mafuta a injini ndi mlonda, ndipo eni makampani ayamba awerenga anthu a m'chigwamo asanatulutse ndalama. Midzi yomwazikana ngati yathu kawiri-kawiri igwa pa mayeso amenewa. Mwa ichi akatswiri ali kufufuza njira zina ziwiri, zimene ngakhale mwana angathe kuziganiza. Ukafuna kuuza mnzako mau kuseri kwa phiri, uika mthenga pamwamba woona mbali zonse ziwiri, kapena upinda njira ya mauwo ndi kalilole.

Tiyambe ndi mthenga. Ambiri a ife taona kale ndege zazing'ono zopanda munthu m'kati zimene azitcha drone, zija zijambula zithunzi pa maukwati ndi pa mpira. Drone yotere ikanyamula kabokosi kolandira ndi kutumiza mafunde, nkuima pamwamba pa chigwa, iona nsanja mbali ino ndi mudzi mbali inayo. Ilandira mau kwa wina niwapatsira mnzake. Phindu la kukwera m'mwamba ndi lalikulu koposa m'mene tiganizira. Munthu woima m'mbali mwa Nyanja ya Malawi aona madzi kufikira makilomita 4 kapena 5 basi, pakuti dziko ndi lobulungira. Koma wokwera mamita 100 aona makilomita 36. Anzanga okonda masamu tengani square root ya mamita amene mwakwera, muchulukitse ndi 3.6, mudzapeza nokha.

Izi zinayesedwa kale pa tsoka lenileni. M'mwezi wa September 2017 namondwe wotchedwa Maria anagwetsa nsanja zambiri pa chisumbu cha Puerto Rico. Kampani ya AT&T inakwezako drone imene anaitcha Flying COW, ndiko kunena ng'ombe youluka, ngakhale zilembo zitatuzo ziimira mau ena a Chingerezi osakhudza ng'ombe konse. Ng'ombeyi inali pa chingwe monga zathu zomwe, ndipo chingwecho ndicho chinali kuipatsa magetsi ndi kutsitsa mau pansi. Inaima mamita 60 m'mwamba, ndipo eni ake anati ingathe kutumikira dera la masikweya kilomita 100.

Musayese kuti izi ndi za kutali kokha. Pa nkhani ya ma drone dziko lathu linayamba msanga koposa maiko ambiri. Mu March 2016 a UNICEF ndi boma anayesa ku Lilongwe ngati drone ingathe kunyamula timapepala ta magazi a makanda kupita nato ku chipatala cha Kamuzu Central kukapimidwa, ulendo wa makilomita 10. Mu June 2017 anatsegula ku Kasungu bwalo loyeserapo ma drone othandiza anthu, loyamba la mtundu wake mu Africa, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Nchito zoyesedwa anazigawa patatu: kujambula dziko, kunyamula katundu wopepuka, ndi kufikitsa mafunde a lamya ndi intaneti ku malo obvuta, makamaka pa nthawi ya ngozi. Ndipo mu January 2020 inatsegulidwa ku Lilongwe sukulu yotchedwa African Drone and Data Academy, imene maphunziro ake anakonzedwa ndi a Virginia Tech a ku America, yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ma drone ndi kuwaulutsa. Amene ali mu Fomu 4 asunge dzina limeneli.

Koma tinene zoona. Pa nchito zitatu zija, ziwiri ndizo zinakula. Ma drone anafika ponyamula mankhwala ndi katemera ku zipatala za ku Nsanje ndi ku Chikwawa, najambulanso malo osefukira madzi. Ya kufikitsa mafunde inatsalira m'mbuyo, ndipo chifukwa chake nchosabvuta kuchiona. Drone yonyamula mankhwala iuluka, itera, nipuma. Ya mthenga iyenera kuima malo amodzi usana ndi usiku, ndipo kuima m'mlengalenga ndi nchito yolemetsa. Kabawi wouluzika ndi mphepo satopa, koma mbalame yoima malo amodzi ikupiza mapiko kosalekeza. Batire la drone yaing'ono litha m'theka la ora kapena kupitirira pang'ono. Ifunanso munthu wophunzira woiyang'anira ndi chilolezo cha oyang'anira za ndege. Ndiponso drone sipanga netiweki yokha: nsanja yamoyo kapena satelaiti ikasowa mbali inayo, mthenga alibe womuuza mau. Chimene chinandikhumudwitsa koposa ndi ichi, chakuti mphepo ndi mvula yamphamvu ndizo adani ake. Usiku uja wa alamu anga, pamene tinaifunitsitsa, mwina ikanakhala pansi m'bokosi.

Ena anayesa kukwera pamwamba pa mvula yomwe. Kampani ya Loon, mbale wa Google, inali kutumiza zibaluni zazikulu makilomita 20 m'mwamba, zonyamula zipangizo za nsanja ndi zodya mphamvu ya dzuwa. Mu July 2020 zinayamba kutumikira anthu ku Kenya, ndipo chaka chomwecho panali pangano ndi Vodacom lakuti zifike ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique. Mu January 2021 eni ake analengeza kuti atseka nchitoyo, chifukwa analephera kutsitsa mtengo wake. Zibaluni zinagwira nchito ndithu. Chinakanika ndi ndalama.

Tsono tione za kalilole. Njira iyi aidziwa bwino anyamata ena a Fomu 1, aja atenga kachidutswa ka kalilole nawalitsa dzuwa m'maso mwa anzao m'kalasi. Dzuwa silingathe kulowa lokha pa ngodya imeneyo, koma kalilole alipinda. Kwa mafunde a wailesi chitsulo chosalala chiri chonse ndi kalilole. Kuyambira m'zaka za 1950 anthu a ku America ankaimika zimathabwa zazikulu zachitsulo pa mapiri kuti zipinde mafunde a lamya kulowa m'zigwa, zopanda magetsi ndi zopanda injini. Mu August 1960 a NASA anafika poponya kumwamba chibaluni chonyezimira cha mamita 30 chotchedwa Echo 1, anthu nalankhulana pogunditsa mafunde pa icho. Chilema cha kalilole wotere nchakuti ayang'ana kumodzi kokha. Ayenera nsanja ziwiri zosasuntha, koma lamya ya m'manja lero iri ku munda, mawa ku msika.

Kalilole watsopano, amene ine ndidzamutcha wochenjera, atembenuza mafunde iye mwini osatembenuka. Kuti timvetse m'mene achitira, tikumbukire lore yotitimira m'matope nthawi ya dzinja. Anthu khumi akamakankha ali yense pa nthawi yake, lore ingogwedezeka, ndipo wina akankha pamene mnzake ali kubwerera. Koma mmodzi akafuula kuti "Tiyeni!" onse nkukankha pamodzi, ituluka. Mafunde ali chimodzi-modzi. Nsonga ya funde ikakumana ndi nsonga inzake zionjezerana mphamvu, koma ikakumana ndi chigwa cha funde lina zifafanizana. Ndicho chifukwa chake netiweki igwira pa mwala ndi kusowa pambali pake: mafunde ogunda miyala ndi malata afika podzera njira zambiri, pena ali kuthandizana, pena ali kuphana.

Kalilole wochenjera ndi thabwa loyalidwa timbale ta mkuwa mazana kapena zikwi, kali konse kosaposa theka la utali wa funde. Kuseri kwa kambale kali konse kuli kaswichi kamene kachedwetsa funde pang'ono lisanabwerere. Kakompyuta kakang'ono ndiko wofuula uja: kasankha kuti kambale aka kachedwetse motere, ako motere, kuti zidutswa zonse za funde zifike pa lamya yanu nthawi imodzi, nsonga pa nsonga. Mukasuntha, kasinthanso. Thabwali silionjezera mphamvu yake-yake pa mafunde, lingosonkhanitsa imene ikanamwazika chabe, ndipo mwa ichi lidya magetsi ochepa kwabasi, oti sola yaing'ono ikwanira. Masamu ake ndi okoma: mukachulukitsa timbale kawiri, mphamvu yofika pa lamya ichuluka kanai.

M'chaka cha 2020 Venkat Arun ndi Hari Balakrishnan a ku sukulu ya MIT anaonetsa thabwa lotere lotchedwa RFocus, la timbale toposa 3,000, limene linakweza mphamvu ya mafunde pafupi-fupi kakhumi. Chaka chomwecho ku Japan a NTT DOCOMO ndi a AGC anaonetsa galasi loonekera ngati la pa zenera, lotha kubweza mafunde aafupi kapena kuwalola apite monga mwini afuna.

Nditawerenga izi ndinakondwa, nditi basi, tapeza mankhwala. Aphunzitsi ndiwo anandiziziritsa. Anati ndione bwino kumene mayesowo anachitikira: m'nyumba za maofesi, pa mitunda ya mamita owerengeka. Kenaka anandipatsa choko. Mafunde afooka pa ulendo wopita kwa kalilole, nafookanso pa ulendo wochokera kwa iye, ndipo kufooka kuwiriku sikuonkhetsedwa ai, koma kuchulukitsidwa. Tiyese kuti nsanja ndi mudzi zatalikirana makilomita 10. Mukaika kalilole pakati peni-peni, 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25, ndipo popeza mphamvu igwa monga mwa sikweya ya mtunda, 25 kuchulukitsa ndi 25 ndi 625. Mukamuika kilomita imodzi kuchokera pa mudzi, 1 kuchulukitsa ndi 9 ndi 9, ndipo sikweya yake ndi 81. Kufooka kwachepa pafupi-fupi kasanu ndi katatu, kalilole ali yemweyo! Ine ndikanamuika pakati, monga ambiri a inu mukanachita, ndipo pakati ndipo poipitsitsa. Malo ake ndi pa phiri loyandikana ndi mudzi, kapena pafupi ndi nsanja.

Palinso za kukula kwake. Pa mafunde a sentimita imodzi timbale 1,000 tikwana pa chikuto cha kope. Pa mafunde a masentimita 33, amene ndiwo afika kutali m'midzi, kambale kali konse kafuna malo onga mbale yodyera, ndipo timbale 1,000 tifuna thabwa la mamita 5 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi. Amene anaonapo mphepo ikusasula denga la malata aganize za thabwa lotere pa nsonga ya phiri.

Masiku ano akatswiri ali kuyesa kukwatitsa njira ziwirizi. Ena ati drone inyamule kalilole m'malo mwa kabokosi kakudya batire, kuti ikhalitse m'mwamba. Ena ati drone iuluke, akalilole akhale pa makoma ndi pa mapiri, azipatsirana mafunde. Mafunso ake ndi obvuta: drone iime pati, ikwere mamita angati, ndipo timbale zikwi tija titembenuzidwe bwanji pamene mphepo iri kuigwedeza? Funde likakhala la sentimita imodzi, kugwedezeka kwa mamilimita ochepa kusokoneza okankha lore onse. Zambiri za izi zikali m'masamu a m'kompyuta ndi m'mayeso, pokonzekera 6G imene aiyembekeza cha m'ma 2030.

Nanga ife a ku Thambani titolepo chiani? Maganizo anga ndi awa, ndipo wotsutsa ayankhe m'magazini ikudzayo. Drone ndi ya tsiku la tsoka. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira, ndipo mu March 2023 Freddy anapha anthu mazana-mazana m'chigawo cha kumwera, Mwanza ali m'gulu la maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Pa masiku otere magetsi azima, milatho ikokoloka, mafuta a injini za nsanja satha kufika, ndipo anthu otsekeredwa sangathe kunena kumene ali. Mvula ikangokata, drone ya pa chingwe yosungidwa pa boma ingathe kutengedwa pa galimoto ndi kukwezedwa tsiku lomwelo, pamene kukonza nsanja kufuna masabata. Pamenepo theka la ora kapena tsiku limodzi la netiweki ndi moyo wa munthu.

Koma mlimi wofuna kudziwa mtengo wa manachesi ku Blantyre asanathyole, mai wolandira ndalama za pa lamya kuchokera kwa mwana wake, ndi achimwene pa mwala uja, afuna chinthu chokhalapo masiku onse. Chimenecho chiyenera kuima chiriri pa phiri, chosakupiza mapiko: kansanja kakang'ono ka sola kopatsira mafunde, kapena kalilole wochenjera akadzatsika mtengo ndi kuyesedwa m'mapiri enieni. Lamulo la zamtokoma la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund, loyang'aniridwa ndi MACRA, lothandiza kufikitsa lamya ndi intaneti ku malo amene makampani saonako phindu. Koma wopempha ayenera kunena chimene afuna ndi pamene achifuna. Kungoti "kwathu netiweki ibvuta" sikuthandiza, pakuti anena chomwecho anthu a m'maboma onse.

Mwa ichi ife a kalabu ya sayansi tapangana kuti teremu ikudzayi tidzayenda Loweruka liri lonse ndi lamya ndi kope, mudzi ndi mudzi, kulemba pamene mafunde agwira, timizere tingati, ndi phiri liti limene liwatchinga. Tikatha tidzajambula mapu a mithunzi yonse ndi kuwapereka kwa mafumu ndi ku khonsolo. Tifuna makamaka anzathu ochokera m'midzi ya m'zigwa ndi ya kufupi ndi nkhalango, pakuti iwo adziwa kale zulu ndi mitengo yao. Ofuna kutsagana nafe alembetse kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo abwere ndi kamba wao. Ine ndalemba kale malo oyamba m'kopemo: mwala wa kuseri kwa khola la mbuzi, timizere tiwiri kukacha bwino, kamodzi mvula ikamagwa.